Ulendo wa ku Kariba, Nyanja Yomangidwa ndi Manja a Anthu

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja tili ndi kamtima kena kodzitama. Munthu wa ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima kapena ku Nkhotakota ukamuuza kuti kwinakwake kulinso nyanja, amayamba waseka kenaka n'kukufunsa ngati ukunena dziwe kapena thamanda. Sitingamudzudzule, pakuti iye adakula akuona madzi opanda tsidya. Komabe akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Choncho lero tikukutengani, awerengi athu, kupita ku Kariba, nyanja imene ili m'malire a dziko la Zambia ndi Zimbabwe.

Kumeneko kuli mchenga woti ana asewerepo, kuli maboti, kuli nsomba, ndipo usiku thambo limadzaza ndi nyenyezi. Koma pali chinthu chimodzi chimene banja lililonse lopita kumeneko liyenera kusunga mumtima. Kariba si nyanja ngati yathu. Ndi chigwa chimene chidamizidwa ndi madzi, ndipo munthu amene angapite kumeneko ndi nzeru za kugombe kwawo zokha angathe kubwerako akulira.

Momwe nyanjayi idabadwira

M'chaka cha 1955, nthawi ya boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ntchito yotseka mtsinje wa Zambezi idayambika pamalo pamene mtsinjewu umadutsa mopanikizika pakati pa mapiri awiri. Cholinga chidali chopanga magetsi oyendetsera migodi ya kopa ku Northern Rhodesia ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia. Pulani ya khomalo adajambula ndi katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit ndiyo idamanga. Khomali ndi lalitali mamita 128 kuchoka pansi, ndipo m'litali mwake ndi mamita 579.

Ntchitoyi sidali yamasewera. Mu 1957 ndi mu 1958 Zambezi adasefukira modetsa nkhawa nakokolola zina mwa zomwe zidamangidwa. Anthu 86 adataya miyoyo yawo pantchitoyi. Pakati pa anthu zikwizikwi amene ankanyamula miyala ndi simenti padzuwa loswa mtengo la m'chigwamo padali amuna ambiri ochokera kuno kwathu, amene adalembedwa ntchito nthawi ya Nyasaland. Mwina ena mwa inu muli ndi agogo amene ankasimba za ku Kariba. Khomalo lidatha mu 1959, adalitsegulira mu 1960, koma madzi adatenga zaka mpaka 1963 kuti adzaze chigwa chonse.

Lero nyanjayi ndi yotalika makilomita opitirira 220, ndipo pena imatambalala mpaka makilomita 40. Palibe nyanja ina yopangidwa ndi anthu padziko lonse lapansi imene imasunga madzi ambiri kuposa imeneyi. Ngakhale zili choncho, odzitama aja asataye mtima: pangafunike nyanja za Kariba zisanu kuti zifanane ndi Nyanja ya Malawi m'kukula kwake. Kuya kwakenso sikufika mamita 100, pamene yathu imafika mamita 700 cha kumpoto. Ubale ulipo ndithu, chifukwa madzi athu akatuluka mu Shire amakakumana ndi madzi ochokera ku Kariba mu Zambezi, m'dziko la Mozambique.

Pansi pa madziwa pali midzi

Musanayambe kujambula zithunzi, dziwani kuti m'chigwachi mudali anthu. Atonga a m'chigwa cha Gwembe okwana 57,000 adasamutsidwa kuti madzi apeze malo. Adasiya madimba achonde a m'mbali mwa mtsinje momwe ankakolola kawiri pachaka, adasiya manda a makolo awo, ndipo abale a tsidya lino ndi tsidya lija adalekanitsidwa ndi madzi. Mu 1958 apolisi adawombera ndi kupha anthu 8 a mfumu Chipepo amene ankakana kusamuka. Ambiri a iwo adawapititsa ku Lusitu, dera louma limene mudzadutsemo popita ku Siavonga.

Nyama nazo zidatsekeredwa pazilumba madzi akukwera. Gulu lotsogozedwa ndi Rupert Fothergill lidapulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pantchito imene idatchedwa Operation Noah, ndipo zambiri adakazisiya kumene tsopano kuli nkhalango yotetezedwa ya Matusadona, mbali ya Zimbabwe. Mitengo ya tsanya imene idamira idakalipo mpaka lero. Idauma chiimire m'madzi, ndipo nkhwazi zimatera pamenepo. Alendo amaikonda mitengoyi dzuwa likamalowa, koma bambo wanzeru adzauza ana ake kuti pamene payandama botilo padali nkhalango, minda ndi mabwalo a anthu. Ife amene moyo wathu wonse uli pagombe tiyenera kumvetsa msanga ululu wa munthu wolandidwa gombe lake.

Kayendedwe kake

Njira yapafupi kwa ambiri a ife ndi yodzera ku Mchinji, kulowa m'Zambia pa Mwami, kufika ku Chipata, ndi kutsata msewu waukulu mpaka ku Lusaka. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Kuchoka ku Lusaka mumalowera kummwera, kuwoloka mtsinje wa Kafue, kutsata msewu wa ku Chirundu, kenaka kukhotera kumanja kupita ku Siavonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Chiyankhulo sichivuta kwenikweni popeza Chinyanja chimamveka m'njira monsemo, ngakhale eni nthaka ku Siavonga ndi Atonga.

Amene ali ndi abale ku Harare angathe kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, kenaka kuchoka ku Harare kudutsa Chinhoyi, Karoi ndi Makuti mpaka kutauni ya Kariba. Matauni awiriwa, Siavonga ndi Kariba, adayang'anizana, ndipo msewu wowalumikiza umadutsa pamwamba pa khoma lenilenilo. Pamenepo ndi pachipata cha maiko awiri, choncho aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi pasipoti yake. Kuima pakhomapo, nyanja ili kumbali ino ndipo phompho lili kumbali inayo, ndi chinthu chimene mwana sadzaiwala.

Mchenga ulipo, koma kusambira ayi

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana wa kunyanja akaona madzi sadikira kuuzidwa, amangovula malaya n'kudumphiramo. Ku Kariba zimenezo ndi zoika moyo pachiswe. Nyanjayi ili ndi ng'ona zambiri zedi, ndipo sizikhala kumathiriro a mitsinje kokha kapena m'bango mokha monga tidazolowera kwathu. Zimafika ngakhale pamchenga woyera wa pafupi ndi malo ogona alendo. Mvuu nazo zimatuluka usiku kudzadya udzu pamtunda, ndipo kutauni ya Kariba njovu zimayenda m'misewu. M'madzi osayenda a m'mbali mulinso nkhono zofalitsa likodzo.

Tsono lamulo la banja likhale lomveka musanatsike m'galimoto. Ana asewere pamchenga patali ndi madzi, wamkulu ali pomwepo. Amayi asapite kukatsuka mbale kapena kuchapa m'mphepete mwa madzi monga tichitira kwathu, makamaka m'mamawa ndi madzulo. Ofuna kusambira asambire m'madamu omangidwa ndi simenti amene amapezeka m'malo ambiri ogona alendo. Ndipo pa chilichonse funsani eni dera, pakuti safunsa adadya phula.

Gombe lenilenilo silikhala pamodzi. Madzi a ku Kariba amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula yogwa kumtunda kwa Zambezi komanso kuchuluka kwa madzi amene makina a magetsi akumeza. Pakati pa kudzaza kwake ndi mlingo wotsikitsitsa wopangira magetsi pali mamita 13. Chilala cha mu 2024 chidatsitsa madziwa kotero kuti anthu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe ankakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi, ndipo malo ena amene adali pagombe adatsala patali ndi madzi. Ndi bwino kufunsiratu za mlingo wa madzi musanalipire malo ogona.

Zosangalatsa za pamadzi

Chisangalalo cha ku Kariba chili m'boti. Chotchipa ndi chokomera banja lonse ndi kukwera boti madzulo kukaona dzuwa likulowa, uku mukuona zilumba, mvuu ndi mbalame. Amene ali ndi thumba lolemera amachita hayala boti lokhala ngati nyumba, lokhala ndi zipinda zogona ndi khitchini, n'kukhala pamadzi masiku awiri kapena atatu. Ena mwa maboti amenewa ali ndi chikwere chachitsulo chimene amachitsitsira m'madzi kuti anthu asambiremo ng'ona zisawafike. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana, mtengo wake umapepukako.

Achinyamata amakonda kupalasa timabwato, kuyendetsa ngalawa za thanga, ndi kutsetsereka pamadzi atakokedwa ndi boti la injini. Masewero amenewa achitike pokhapokha pali mwini boti wodziwa malo, ndipo aliyense avale jekete loyandamitsa, ngakhale amene amadzitcha katswiri wosambira. Pansi pa madzi pali zitsa za mitengo ija zimene zimaboola boti, ndipo mphepo ya kumeneko imadzuka mwadzidzidzi. Munthu wodziwa mwera ndi mpoto wa kwathu asaganize kuti wadziwa mphepo zonse.

Okonda mbedza adzakumana ndi nsomba yotchedwa tiger fish, ya mano ngati misomali, imene ikakodwa imadumpha m'mwamba ndi kulimbana mpaka mkono kuwawa. M'nyanja yathu mulibe nsomba imeneyi chifukwa mathithi a mu Shire amaitchinga, koma anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amaidziwa. Ku Kariba kwakhala kukuchitika mpikisano wowedza nsombayi kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Samalani zala poichotsa pambedza. Za ndiwo musade nkhawa: nsomba zofanana ndi chambo zilipo zambiri, ndipo banja limene silifuna kukayika za nyama ya m'malesitilanti lingathe kudya nsomba ulendo wonse.

Nyali pamadzi, nyenyezi kumwamba

Kukada, mudzaona chinthu chimene chidzakukumbutsani kwanu. Nyali zambirimbiri zimayaka panyanja ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a kapenta, kansomba kofanana ndi usipa. Kapenta si mbadwa ya m'nyanjayi. Adachita kukamutenga ku Nyanja ya Tanganyika cha m'ma 1967, ndipo adaswana mpaka kukhala chuma chachikulu cha m'derali. Asodzi ake sakoka chilimira ngati ife. Ali ndi maboti athyathyathya okhala ndi ukonde wozungulira umene amautsitsa pansi pa nyali, nsomba zikasonkhana n'kuukweza ndi chopukusira. Monga zilili ndi usipa, mwezi ukawala kwambiri kapenta sagwidwa bwino.

Mdima umene msodzi amaufuna ndi womwewo umene wofuna kuona nyenyezi amaufuna. Inu amene mumawerenga masiku potsata mwezi simungavutike kusankha nthawi: konzani ulendo kuyambira cha pa 22 mpaka pa 3 mwezi wotsatira, pamene madzulo kumakhala mdima wabii. Khalani pamalo okwera, kutali ndi magetsi a m'tauni ndiponso kutali ndi madzi. Zimitsani tochi ndi mafoni, ndipo dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere.

M'miyezi ya June ndi July, Mlalang'amba umaoneka ngati msewu wa utsi wodutsa thambo lonse. Chimene chimaoneka ngati utsicho ndi nyenyezi zosawerengeka zimene zili kutali kwambiri. Chakummwera mudzaona nyenyezi zinayi zimene Azungu amazitcha Southern Cross, ndipo pambali pake pali ziwiri zowala zozilozera. Yowala koposa mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, imene ili pafupi nafe kuposa nyenyezi zina zonse zooneka ndi maso usiku, komabe kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutifike. Olawira m'bandakucha wa mu August adzaona Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zikutuluka kummawa. Nthanda, imene nyengo zina imaoneka m'mamawa ndipo nyengo zina madzulo, si nyenyezi kwenikweni koma dziko lotchedwa Venus, lozungulira dzuwa monga lathuli.

Nthawi yabwino yopitira

Miyezi ya May, June ndi July ndiyo yabwino koposa. Kunja kumakhala kozizira bwino, mitambo kulibe, ndipo utsi wa lupsa umakhala usanaphimbe thambo. Mu October kutentha kwa m'chigwamo kumafika madigiri 40, ndipo ana aang'ono ndi okalamba amavutika. Nyamulani neti yotetezera udzudzu popeza malungo aliko, zipewa, madzi akumwa, ndi majuzi a usiku. Aliyense amene wakhudza madzi a m'nyanjamo akayezetse likodzo pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Mukadzabwerako, musadzalekere pomwepo. Thambo la ku Kariba ndi lomwelo limene lili pamwamba pa Malindi, Chipoka ndi Senga Bay, pakuti maderawa sasiyana kwambiri kutalika kwake kuchokera pakati pa dziko. Ambiri a ife tidasiya kuliyang'ana chibwerere magetsi ndi mafoni. Tsiku lina mwezi utalowa, yalani mkeka pabwalo, itanani agogo, ndipo ana awasonyeze nyenyezi zimene adaphunzira ku Kariba, agogowo awauze maina amene ankazitchula ali pabwato.