Bajeti ya Januwale imakonzedwa nthawi yokolola

Kwa amayi ambiri a m'mipingo ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, mwezi wowawitsa ndi Januwale. Khirisimasi imakhala itamaliza ndalama, ana akufuna fizi, ndipo mtengo wa chimanga wakwera chifukwa nkhokwe zatha. Apa ndi pomwe akatapila amakolera anthu.

Vutoli limapeweka mu Meyi ndi Juni, pamene chimanga chimatsika mtengo. Mayi amene wagula nthawi imeneyi, n'kuchiumitsa bwino, akhoza kuchisunga m'matumba a PICS. Matumbawa salowa mpweya, choncho anankafumbwe amafa popanda mankhwala. Chimangacho chimasunga mphamvu ya ndalama kuposa kubisa makwacha kunsi kwa mphasa: mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwa ndi 44 peresenti.

Nanga ndalama yogulira matumbawo ichokera kuti? Amayi a Mvano ndi a Dorika amakumana kale kawirikawiri, motero banki m'khonde siivuta kuyambitsa. Cholakwika n'chakuti magulu ambiri amagawana ndalama mu Disembala, zonse n'kuthera zitenje ndi nkhuku za chikondwerero. Gulu likhoza kugwirizana zogawana mu Meyi, aliyense n'kupatula chakhumi chake, yotsalayo n'kupita nayo kumsika chimanga chisanakwere.