Kodi Wofuna Kuchepetsa Thupi Amwe Madzi Ochuluka Bwanji pa Tsiku?

Masiku ano si chachilendonso kumva mkulu wa mpingo kapena mayi wa Chigwirizano akunena kuti kuchipatala amuuza kuti achepetse thupi. Kale kunenepa tinkakuyesa umboni wakuti pakhomo pali chakudya ndi mtendere, pamene woonda ankalozedwa chala, makamaka m'zaka zija Edzi inasautsa kwambiri. Koma matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano monga momwe afikira mu mzinda wa Tete, ndipo ambiri azindikira kuti thupi lolemera mopitirira limatopetsa mtima ndi mawondo. Mwa malangizo amene anthu amapatsana pa nkhaniyi, lomveka kawirikawiri ndi lakuti munthu azimwa madzi ambiri kuti mafuta asungunuke. Wina amati makapu 8, wina malita 3, winanso malita 5. Munthu wofunitsitsa amangotola chiwerengero chachikulu koposa, poganiza kuti chochuluka ndicho chabwino. Apa ndi pamene pali vuto.

Tiyambe ndi makapu 8 aja. Anthu ambiri amawatenga ngati lamulo la madokotala, koma chiyambi chake n'chosalimba. Mu 1945 bungwe loona za chakudya ku America, Food and Nutrition Board, linalemba kuti munthu wamkulu amafuna madzi okwana pafupifupi malita 2.5 pa tsiku, ndipo linawonjezera kuti ambiri mwa madziwo ali kale m'chakudya chimene munthu amadya. Zikuoneka kuti anthu anasunga chiwerengerocho n'kuiwala mawu owonjezerawo. Mu 2002 Dr. Heinz Valtin, katswiri wa ntchito za impso wa ku Dartmouth, anasanthula zolemba za sayansi kufuna umboni wakuti munthu aliyense wathanzi ayenera kumwa makapu 8, ndiwo pafupifupi malita 1.9, ndipo sanaupeze.

Ziwerengero zimene akatswiri amagwiritsa ntchito tsopano ndi izi. Mu 2004 bungwe la Institute of Medicine ku America linati mwamuna akwanitse malita 3.7 ndipo mkazi malita 2.7 pa tsiku. Mu 2010 bungwe la ku Ulaya lotchedwa EFSA linapereka ziwerengero zocheperapo, malita 2.5 kwa mwamuna ndi malita 2 kwa mkazi. Koma mabungwe onse awiriwa akuwerengera madzi onse olowa m'thupi, kuphatikizapo a m'chakudya, amene amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Phala la m'mawa, msuzi wa nyemba, chibwabwa, maungu, mango, ngakhale nsima imene, zonsezi zili ndi madzi. Tikachotsa gawo la chakudyalo, otsala oti munthu amwe ndi pakati pa lita ndi theka ndi malita 2 ndi pang'ono kwa mayi, ndi pakati pa malita 2 ndi 3 kwa bambo. Tiyi amene mwamwa m'mawa alinso m'chiwerengero chomwecho. Mayi woyembekezera awonjezere kapu imodzi yaikulu, ndipo woyamwitsa awonjezere pafupifupi mamililita 700. Wofuna kuchepetsa thupi alibe chiwerengero chakechake chosiyana ndi ichi. Chokhacho n'chakuti akachepetsa chakudya amachepetsanso madzi amene chakudyacho chinkabweretsa, choncho ndi bwino abwezere ndi kapu imodzi kapena ziwiri.

Komabe ziwerengerozi zinakonzedwa poganizira anthu okhala m'nyengo yosatentha kwambiri ndiponso osagwira ntchito ya thukuta. Kwathu kuno sizili choncho kwa aliyense. Mphunzitsi wa ku Ulongwe m'mwezi wa June, wovala juzi tsiku lonse, sangafanane ndi mlimi wa m'chigwa cha Zambezi m'mwezi wa October kapena November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wolima kapena woumba njerwa padzuwa lotere angathe kutaya lita yathunthu ya thukuta, mwinanso kuposa, mu ola limodzi. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 m'magazini ya Science, amene anayeza anthu oposa 5,600 a m'mayiko oposa 20, anaonetsa kuti madzi amene thupi limagwiritsa ntchito amasiyana kwambiri malinga ndi kukula kwa thupi, msinkhu, ntchito ndi nyengo. Choncho amene akukuuzani chiwerengero chimodzi chokwanira anthu onse, asanakufunseni kumene mukhala ndi ntchito imene mugwira, sakukuthandizani.

Muyeso wodalirika uli ndi inu nomwe. Woyamba ndi ludzu, limene kwa munthu wathanzi limagwira ntchito yake bwino. Wachiwiri ndi mtundu wa mkodzo, ndipo tisachite nawo manyazi mawuwa. Ukakhala wachikasu chotuwa, madzi akukwana. Ukakhala wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, imwani. Ukamaoneka ngati madzi enieni tsiku lonse, ndipo mukutuluka panja kawirikawiri usiku, mwapitiriza muyeso. Okalamba okha ndiwo asadalire kwambiri ludzu, chifukwa limafooka ndi ukalamba. Agogo athu tiziwapatsa madzi ngakhale asanapemphe.

Tsopano funso lenileni: kodi madzi amaondetsa? Madzi sasungunula mafuta, kaya ofunda, ozizira, kapena othira ndimu. Mafuta a m'thupi amachepa pokhapokha thupi likamagwiritsa ntchito mphamvu yoposa imene likulandira m'chakudya ndi m'zakumwa, ndipo kilogalamu imodzi ya mafutawo imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mu 2003 ofufuza a ku Berlin analemba kuti kumwa theka la lita kumafulumizitsa ntchito za thupi ndi 30 peresenti kwa kanthawi, ndipo nkhaniyi inafalikira kwambiri. Koma mu 2006 ofufuza ena ku Fribourg, m'dziko la Switzerland, atayesanso sanapeze zotero. Za madzi ozizira, masamu ake ndi apafupi: kuti thupi lifunditse theka la lita ya madzi a m'firiji limagwiritsa ntchito makalori osapitirira 17, omwe ndi ofanana ndi kasipuni kamodzi ka shuga.

Pali njira imodzi imene inayesedwa bwino ndi kuonetsa phindu, ngakhale laling'ono. Ku Virginia Tech, m'dziko la America, anthu 48 a zaka za pakati pa 55 ndi 75 anaikidwa pa chakudya chochepetsedwa kwa masabata 12, ndipo ena mwa iwo ankamwa theka la lita ya madzi asanadye chakudya chilichonse mwa zitatu za pa tsiku. Zotsatira zofalitsidwa mu 2010 zinaonetsa kuti omwa madziwo anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 2 kuposa anzawo. Ku Birmingham, m'dziko la England, kafukufuku wa mu 2015 wa anthu 84 anapeza kusiyana kwa kilogalamu 1.3 pa masabata 12, madziwo akumwedwa mphindi 30 chakudya chisanafike. Chifukwa chake si chozizwitsa. M'mimba mukakhala madzi, munthu amakhuta msanga ndipo chipande chachitatu cha nsima amachisiya. Dziwani kuti ku Virginia onse, omwa ndi osamwa, anali atachepetsa kale chakudya. Madziwo anangothandizira ntchito imene inali ikuchitika.

Phindu lalikulu, m'kuona kwanga, lili pa zimene madziwo amalowa m'malo mwake. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, kutanthauza kuti m'botolo laling'ono limodzi muli timasipuni 7 kapena 8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mu 2015 kuti shuga wotere asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chakudya cha tsiku, ndiwo pafupifupi magalamu 50 kwa munthu wamkulu, ndipo linati kufika pa theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Botolo limodzi latha kale gawo lalikulu la muyesowo. Nanga tiyi wathu uja wothira masipuni 3 kapena 4, kawiri pa tsiku? Nanga thobwa? Palibe amene akunyoza thobwa, pakuti ndi chakudya chabwino kwa wochokera kumunda ndi kwa mlendo wa ulendo wautali. Koma ndi chakudya ndithu, chopangidwa ndi ufa ndi chimera, ndipo masiku ano ambiri amathiramonso shuga. Wolimwa ngati madzi a ludzu pambuyo pa nsima wadya kawiri. Pa maukwati ndi pa misonkhano yathu timaona ngati kupatsa mlendo madzi okha ndi kumuchepetsa, choncho timamuikira botolo la chakumwa chotsekemera, iyenso amachita manyazi kukana. Bwenzi zili bwino pakanakhala jagi ya madzi abwino patebulo lililonse, kuti wodwala shuga ndi wofuna kuchepetsa thupi asachite kudzifotokoza pamaso pa anthu.

Pali kulakwitsa kwinanso kwa mbali inayo. Ena ataona kuti sikelo imatsika akapanda kumwa, amayamba kudzimana madzi, kuvala zovala zolemera padzuwa kuti atuluke thukuta, kapena kumwa tiyi wotsegula m'mimba amene amagulitsidwa pamsika ndi pa Facebook. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho sikelo imatsikadi, koma mafuta ali pomwepo, ndipo kulemerako kumabwerera munthu akangomwa. Ngakhale amene akuchepetsa chakudya moyenera adziwe kuti makilogalamu a sabata yoyamba ambiri amakhala madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imagwira magalamu pafupifupi 3 a madzi. Nkhokwe imeneyi ikayamba kutha, madziwo amatuluka. Ndiye chifukwa chake sabata yachitatu sikelo imayenda pang'onopang'ono, ndipo ambiri amataya mtima pamene ntchito yeniyeni yangoyamba kumene. Pano tinenenso za kusala kudya. Kusala kuli ndi cholinga chake, ndipo si njira yochepetsera thupi. Amene akusala osamwa ngakhale madzi m'nyengo yotentha, makamaka wodwala shuga, impso kapena wakumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ayambe wafunsa kuchipatala.

Nawonso madzi ochuluka mopitirira amapha. Impso za munthu wathanzi zimatha kutulutsa madzi osapitirira pafupifupi lita imodzi pa ola. Munthu akamwa mofulumira kuposa pamenepo, mchere wa m'magazi umasukuluka, madzi amalowa m'ubongo ndipo umatupa. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusanza ndi kusokonezeka maganizo, kenako kukomoka. Mu January 2007 mayi wina wa zaka 28 ku California anamwalira atachita nawo mpikisano wakumwa madzi wokonzedwa ndi nyumba ina ya wailesi. Pa mpikisano wothamanga wa Boston Marathon mu 2002, mwa othamanga 488 amene anayezedwa magazi pomaliza, 13 mwa 100 alionse anapezeka ndi mchere wochepa, makamaka chifukwa chomwa kwambiri m'njira. Choncho malita anu a tsiku musawamwe nthawi imodzi ngati mukubweza ngongole. Agaweni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Odwala mtima kapena impso amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse madzi atsate mawu a dokotala wawo, osati ziwerengero za m'nkhani ino.

Chenjezo lina ndi lofunika kwambiri. Ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usana ndi usiku, ndipo thupi likutsika msanga popanda khama lanu, musakondwere kuti madzi akugwira ntchito. Zimenezi ndi zizindikiro zodziwika za matenda a shuga. Kuonda kosayembekezeka pamodzi ndi chifuwa chosatha kapena thukuta la usiku kungakhalenso chifuwa chachikulu cha TB. Pitani kuchipatala mukayezedwe.

Potsiriza, madziwo akhale abwino. Kolera imene inayamba m'boma la Lago ku Niassa mu September 2022 inafalikira m'zigawo zambiri za dziko lathu, ndipo inakula mu 2023 pambuyo pa namondwe Freddy. Wochulukitsa madzi a pachitsime chosatetezedwa wachulukitsanso mwayi wa matenda otsegula m'mimba. Awiritseni, kapena thiranimo mankhwala a Certeza monga mwa malangizo a pabotolo, dikirani mphindi 30, ndipo muwasunge mu ndowa kapena mtsuko wovundikira wokhala ndi kapu yakeyake yotungira. Kuti musavutike ndi kuwerenga makapu, pezani botolo loyera la theka la lita. Mayi wa ntchito zopepuka amwe mabotolo 3 kapena 4 pa tsiku, bambo 4 kufikira 6, kuwerengera ndi tiyi yemwe, ndipo atatu mwa mabotolowo amwedwe chakudya chisanafike. Tsiku lopita kumunda padzuwa, tengani chigubu chapadera.