Ng'ombe ikapoloza, mwini khola asamale

M'khola mukagwa mwana wa ng'ombe wosakwana masiku, mlimi amadandaula za mkaka ndi ndalama. Si kawirikawiri kuti aganize za thupi lake. Amanyamula kamwanako ndi manja, nsengwa n'kuponyera agalu, n'kusamba m'manja ndi madzi okha. Pakatha milungu iwiri, inayi, mwina miyezi iwiri, thupi limayamba kutentha madzulo, usiku thukuta n'kunyowetsa zofunda, msana ndi mawondo zikuphwanya. Kuchipatala akamuyeza malungo, sapezeka. Ena amamwabe mankhwala a malungo a LA, thupi n'kuzizira masiku angapo, kenaka kutentha kuja n'kubwerera.

Umu ndi momwe amayendera matenda a brucellosis, oyamba ndi tizilombo ta Brucella. Dzinali linachokera kwa David Bruce, dokotala wa asilikali a Britain amene anatipeza mu 1887 m'kapamba wa asilikali omwalira pachilumba cha Malta. Gwero lake linadziwika mu 1905, pamene Themistocles Zammit anapeza kuti mbuzi za pachilumbapo, zooneka zathanzi ndithu, zinkatulutsa tizilomboti mumkaka. Asilikaliwo atawaletsa kumwa mkaka wa mbuzi, odwala anachepa kwambiri.

Chiopsezo chachikulu kwa oweta chili pa nthawi yobereka. Tizilomboti timachulukana m'chiberekero cha chiweto, choncho nsengwa, madzi otuluka pobereka ndi mwana wopolozedwayo zimadzala nato. Munthu wolowetsa dzanja kuti akoke mwana wokanirira kapena nsengwa yotsalira, ngati ali ndi kabala kakang'ono, kaya ka munga kaya mng'alu wa khasu, watsegula khomo. Timalowanso kudzera m'maso madzi akathovukira, ngakhale popuma fumbi la m'khola. N'chifukwa chake alangizi a ziweto, osenda nyama ndi anyamata oweta ng'ombe amadwala kuposa ena. Magolovesi m'midzi ndi osowa, koma jumbo yosabooka yomangidwa m'dzanja ndi yabwino kuposa dzanja lopanda kanthu. Zotuluka zonse zikwiriridwe mozama, pomwe agalu sangafukule.

Njira yachiwiri ndi mkaka, ndipo iyi imafika pabanja lonse. M'busa wamng'ono wokamira m'kamwa kudambo, mayi wopatsa khanda mkaka wa mbuzi wongokama kumene, onsewo ali pangozi. Ambiri amakhulupirira kuti chambiko, kapena mabisi a ku Zambia, alibe vuto chifukwa ndi owawasa. Kuwawasako sikupha tizilombo tonse. Chodalirika n'kuwiritsa mkakawo kaye, kenaka n'kuusasitsa. Nyama yopsa bwino siopsa kwenikweni; koma chiwindi ndi magazi osaphika, monga amamwera Amasai ena ku Kenya ndi Tanzania, n'zina.

Kawetedwe nakonso kamathandizira. Ng'ombe za makola ambiri zikamadya dambo limodzi ndi kumwa pachitsime chimodzi, imodzi yopoloza imaipitsa msipu wa zonse, chifukwa zinzake zimanunkhiza ndi kunyambita pamalopo. M'zigwa za Kafue ku Zambia, komwe ng'ombe zimadyera pamodzi ndi nyama zakutchire, ofufuza anapeza matendawa mu ng'ombe ndi mu nyamazo. Choipa china n'chakuti ng'ombe nthawi zambiri imapoloza kamodzi kokha, kenaka n'kumabereka bwino koma ikufalitsabe tizilombo. Wogula pamsika amaona mafuta ndi bere lalikulu, mbiri yake samufotokozera.

Katemera wa anthu kulibe. Alipo wa ziweto, monga S19 wa ng'ombe ndi Rev-1 wa mbuzi ndi nkhosa. Mankhwala alipo, kawirikawiri doxycycline pamodzi ndi rifampicin kwa milungu 6, ndipo wosiyira panjira matenda amamubwerera. Akalekereredwa amaononga mafupa a msana, amatupitsa mavalo a abambo, nthawi zina amagwira mtima. Koma dokotala wa pachipatala chodzaza odwala malungo safunsa za kukhola. Wodwalayo, kapena womuperekeza, ayenera kunena yekha kuti ng'ombe kapena mbuzi inapoloza posachedwa, komanso kuti pakhomo amamwa mkaka wosawiritsa.