Imelo ikasowa, imakhala yapita kuti?

Kale kalata ikachedwa, munthu ankapalasa njinga kukafunsa ku positi ofesi ya pa Namitete kapena pa Nsaru. Lero makalata oitanira anthu ku ntchito, a sukulu ngakhalenso a ogula soya ndi mtedza akubwera pa imelo, ndipo akasowa ambiri amangogwira njakata.

Chonsecho imelo siisowa chisawawa. Nayo ili ndi positi ofesi yake, kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe imalandira, kusunga ndi kugawa makalata. Seva ikavuta, makalata amaima.

Izi zidaoneka pa 1 Januwale 2022, pomwe makampani ambiri padziko lapansi ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange adadzidzimuka poona kuti makalata sakuyenda. Pulogalamu yofufuza mavairasi idalephera kuwerenga deti la chaka chatsopanocho. Makalatawo sadatayike, adangounjikana pamzere, ndipo vutolo litakonzedwa adayamba kufika kwa eni ake.

Nthawi zambiri seva imanena yokha chomwe chavuta. Kalata ikakanika, wotumiza amalandira uthenga wokhala ndi nambala. Ikayamba ndi 4, vutolo ndi lakanthawi ndipo seva imayesabe kutumiza kwa masiku angapo. Ikayamba ndi 5, kalatayo yakanidwiratu. Nambala 550 kawirikawiri imatanthauza kuti adiresi ndi yolakwika, pomwe 552 imasonyeza kuti bokosi la wolandira ladzaza kapena kalatayo yakulitsa.

Kudzaza kwa bokosi n'kosavuta. Gmail imapereka malo aulere okwana 15 GB, koma malo omwewo ndi omwenso amasunga zithunzi za ku Google Photos. Zithunzi za ukwati zikachuluka, kalata ya ntchito imasowa polowera.

Vuto lina limayambira mu ofesi momwemo. Makompyuta ena adatcheredwa m'njira yotchedwa POP, yomwe imatha kukoka makalata onse n'kuwafufuta pa seva. Apa kalata imapezeka pa kompyuta ya mlembi yokha, pa foni ya bwana palibe. Kompyutayo ikapsa ndi magetsi othimathimawa, makalata a zaka zambiri amapita nayo limodzi.

Palinso makalata omwe amagwera mu Spam. Ku Gmail, kalata ikakhala mu Spam kapena mu Trash masiku 30 imafufutidwa. Ndipo kuyambira mu Disembala 2023, Google ili ndi ufulu wotseka akaunti ya munthu yomwe yatha zaka ziwiri osatsegulidwa.

Choncho mnyamata wa ku Kabudula yemwe akudikira yankho la ntchito asafulumire kunena kuti amutaya. Ayambe wayang'ana mu Spam, aone ngati bokosi lili ndi malo, kenako aimbe foni kukafunsa. Nayonso kopaletivi ya ku Nambuma izisindikiza makalata a mgwirizano ndi ogula mbewu, kapena kuwasunga pa fulashi.

Paja akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.