Khosi la mayi nalonso liziyezedwa

Amene anafikapo ku Likhubula amawadziwa amayi otsika m'phiri la Mulanje atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake. Ena amachokera kumjigo ndi ndowa ya malita 20, omwe ndi makilogalamu 20 a madzi okhaokha. Zonsezi zimatsamira pa timafupa 7 ta m'khosi, tomwe tinasenza kale mutu wa makilogalamu pafupifupi 5. Nkhata imateteza liwombo, koma katundu siimupeputsa.

Khosi likawawa, ambiri amangogula panado pagolosale n'kubwerera kuntchito. Chonsecho ululu wopitirira miyezi 3 wasanduka matenda okhalitsa, ndipo nthawi zambiri umayendera limodzi ndi kufooka kwa minofu. Izi anazionetsa ndi Jari Ylinen ndi anzake ku Finland. Pa kafukufuku wawo, mayi ankakhala pampando n'kukankha chipangizo chotchedwa dynamometer ndi chipumi, kenako ndi nkhongo, mutu osasuntha. Odwala khosi ankakankha mofooka kusiyana ndi anzawo abwinobwino. Mu 2003 gululi linalengeza zimene linapeza pa amayi 180: omwe analimbitsa minofu ya khosi kwa chaka chathunthu, ululu unawachepera kwambiri. Amenewo anali a muofesi, osati otchola tiyi ku Lujeri, n'chifukwa chake tikufunika kuyeza athu.

Kusowa kwa chipangizocho si chifukwa chokhalira manja lende. Pali muyezo wina wongofuna wotchi basi. Mayi amagona chagada, mawondo atapinda, n'kubweza chibwano ngati akufuna kubisa mmero. Akatero amadzutsa mutu pang'ono, masentimita awiri ndi theka, ndipo woyeza amawerenga nthawi mpaka chibwano chitatayika kapena mutu utagwa. Mayi wathanzi amafika masekondi pafupifupi 30. Wodwala khosi kawirikawiri amatopa msanga, ndipo akamachita mafizo chiwerengerocho chimaonetsa ngati akupeza bwino.

Akatswiri a mafizo akuphunzitsidwa ku yunivesite ya KUHeS ku Blantyre, koma ndi ochepa. Ine ndikuona kuti muyezo wosalira ndalamawu ufike m'zipatala zazing'ono komanso za m'maesiteti.

Inu amayi, khosi likamawawa limodzi ndi dzanzi m'manja, kufooka kwa miyendo, kutentha thupi kapena kuonda, musayambe mafizo panokha, poti TB imagwiranso mafupa a msana. Pitani msanga ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission akakuyezeni.