Nsomba yogona pa mbola, ndi alendo a m'chisa cha kampango



Amene mumafikako ku Lilongwe, mukayenda cha ku Area 4 ndi ku Old Town, mwina munaonako m'mashopu ena ndi m'malo olandirira alendo muli mathanki agalasi, mkatimo nsomba zikuyendayenda. Si zandiwo ayi, n'zongoonera basi. Anyamata athu amene ali pa maganyu m'tauni amaziona, kenaka pa foni amakumana ndi chithunzi cha kansomba ka mtundu wa lalanje, ka mizere yoyera, katabisala pa chinthu chonga kapeti. Ndiye amabwera ndi funso lakuti kodi ifenso sitingawete zimenezi n'kumagulitsa kwa mabwana? Funsolo ndi labwino. Koma munthu asanagulitse mbuzi kuti agule galasi, ayambe wadziwa kuti zinthuzi n'zotani.

Kansombako dzina lake ndi clownfish, ana amangoti Nemo chifukwa cha filimu ya mu 2003. Chonga kapeticho ndi anemone. Ukachiona ungati ndi duwa, koma ndi nyama: chili ndi kamwa pakati, ndipo thupi lonse ladzala timikono ta mbola taululu. Nsomba wamba ikangogunda, imamatirira pomwepo n'kudyedwa. Koma clownfish ili ndi zoterera ngati therere pakhungu pake zimene zimaiteteza, moti imagona pa mbolapo ngati pa mphasa. Mdani akabwera imathawira pomwepo. Nayo imalipira lendi: imapirikitsa nsomba zimene zimadya timikono ta anemone, ndipo zitosi zake ndi chakudya cha mwininyumba. Subhanallah! Zonsezi ndi za m'nyanja yamchere, monga ya ku gombe la Mozambique ndi Tanzania. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe, ndipo mutaziika m'madzi athu zingafe tsiku lomwelo.

Pamene anthu ambiri amatayira ndalama ndi apa. Amaganiza kuti clownfish iliyonse imalowa mwa anemone aliyense. Ayi ndithu. Mitundu ya clownfish ilipo pafupifupi 30, koma mitundu ya anemone imene imalandira nsombazi ndi pafupifupi 10 yokha, ndipo mwa imeneyi ya kapeti ndi itatu. Ogulitsa onse amangoti "kapeti", chonsecho khalidwe lake n'losiyana.

Woopsa kwambiri ndi amene akatswiri amamutchula kuti Stichodactyla haddoni. Ameneyu amakhala pa mchenga, phazi lake atalikwirira pansi, ndipo ukamudzidzimutsa amadzikokera mumchengamo n'kusowa. Timikono take n'tatifupi kwambiri, tothithikana ngati mikanda, ndipo timamata chala zolimba. M'thanki ndi chilombo, amatha kumaliza nsomba imodziimodzi usiku mwini wake ali mtulo. Kunyanja amakhala ndi clownfish monga polymnus, sebae ndi clarkii. Nemo weniweni uja, amene ndi ocellaris, si mlendo wake wachibadwa, ndipo oweta ena aonapo kansombako katamezedwa ndi nyumba yomwe anakagulira. Wachiwiri ndi gigantea, wa m'madzi osaya, thupi lake lopindikapindika kwambiri, timikono totalikirapo timene timanjenjemera tokha ngakhale madzi ali bata. Ameneyu ndiye amagwirizana ndi ocellaris komanso percula, koma ndi wovuta, ambiri amafera pa ulendo asanazolowere thanki. Wachitatu, mertensii, sakonda mchenga. Amadziyala pa mwala, kunsi kwake kuli timadontho tofiira kapena ta lalanje timene amagwirira mwalawo, ndipo amakula mpaka kupitirira mita imodzi. Kugombe la kuno kum'mawa kwa Africa amasunga clownfish yotchedwa allardi. Tsono nyama ya mita imodzi mungaiike m'thanki yanji ya pa shopu?

Mwa nsomba zonsezi, clarkii yekha ndiye sasankha, amalowa mwa anemone onse 10.

Kuwonjezera apo, anemone amasunga ndere zing'onozing'ono m'thupi mwake zimene zimamupangira chakudya ndi kuwala, choncho m'thanki amafuna nyali zamphamvu tsiku ndi tsiku, mapampu osaima, ndi madzi a mchere wokwana magalamu 35 pa lita, mchere wake wapadera osati wa kukhitchini. Magetsi akazima nthawi yaitali amafa, ndipo akafa amaononga madzi onse, nsomba n'kutsatira. Kwa mwana wa msodzi wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota, ine ndingoti bizinesi imeneyi si yathu. Chinanso, anemone a kapeti ambiri amachita kuzulidwa kunyanja. Akazulidwa, nsomba zimene zinali pamenepo zimatsala pambalambanda ndipo sizichedwa kudyedwa.

Mfundo yomalizayi ndi imene ikutikhudza ife, chifukwa nyanja yathu nayo ili ndi mwininyumba wosunga alendo, ndipo tonse timamudziwa: kampango.

Kampango akafuna kuswa amakonza chisa pansi pa mwala, pamene miyala ikukumana ndi mchenga. Bambo ndi mayi onse amalondera. Mayi amaikira mazira ena osaswa kuti ana azidya, bambo amakafukula tizilombo mumchenga n'kubweretsa m'kamwa. Katswiri wina wa ku America, Kenneth McKaye, amene ankamira ku Cape Maclear m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti nsomba zina, monga mtundu wina wa utaka komanso mcheni, zimabwera kudzalavula ana awo pakati pa ana a kampango. Kampango sawadya anawo. Amawasiya m'mbali, ake enieni ali pakati, ndipo nsomba zolusa zikabwera zimayambira am'mbaliwo. Makolo a alendowo nawo amakhala chapafupi kuthandiza kupirikitsa adani. Iye anapeza kuti ana a kampango amapulumuka ambiri pamene pali alendo kusiyana ndi pamene palibe. Onse amapindula, monga clownfish ndi anemone.

Koma si mlendo aliyense wabwino. Pali mbuna ina yachikasu ya mizere yakuda, akatswiri amati crabro, imene imachotsa nsabwe pakhungu la kampango, ndipo kampango amailola kuyandikira. Ikangoona mazira, imasintha mtundu n'kuda bii, n'kuba mazirawo, kenaka n'kubwereranso yachikasu ngati si iyo. Ana a bombe nawonso apezekapo m'zisa za kampango, akudya chakudya cha ana a eni ake. Za pansi pa madzi sizisiyana kwenikweni ndi za pamudzi.

Nanga anyamata ofuna bizinesi ya nsomba zoonera? Chuma chake chili pakhomo pomwe. Mbuna zathu zimagulidwa ku Germany, ku America ndi ku Japan, ndipo malemu Stuart Grant anayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970, kampani yake ili ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay ku Salima. Sizifuna mchere, ndipo n'zolimba. Koma nazonso zimafuna munthu wodziwa maina ndi khalidwe. Mbuna ya ku Likoma ndi ya ku Maleri zingafanane ndithu koma zili zosiyana, ndipo mukaziphatikiza zimaswa ana osakanizika amene ogula odziwa amawakana. Amuna awiri a mtundu umodzi m'thanki yaing'ono amamenyana mpaka wina kufa, n'chifukwa chake pamafunika mwamuna mmodzi, akazi atatu kapena anayi, ndi miyala yambiri yobisalamo. Kachikasu kofatsa kaja ka cha ku Nkhata Bay, Labidochromis caeruleus, musakaike ndi auratus wankhanza pa malo opanikizika. Mcheni musayese n'komwe, umaliza zonse. Ndipo ntchitoyi imafuna chiphaso cha ku dipatimenti ya za nsomba. M'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, kugwira nsomba pafupi ndi gombe ndi zilumba zake n'koletsedwa.

Inu asodzi anzathu a mbedza ndi matchera, mu 2018 bungwe la IUCN linaika kampango pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu, pamodzi ndi chambo. Mwaona nokha kuti akuluakulu aja amene makolo athu ankanyamula awiri akusowa pa doko. Kampango wa pa chisa ndi wosavuta kugwira chifukwa sathawa, amakakamira ana. Mukamukoka ameneyo, mumadya ndiwo za masiku awiri, koma pansi paja ana ake onse, ana a utaka ndi ana a mcheni amatsala opanda mlonda, ndipo nsomba zolusa zimawatha dzuwa lisanalowe. Ku chilumba cha Mbenji, anthu a Senior Chief Makanjira a ku Salima akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kuchokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero asodzi a madera ena amathamangira komweko akatsegula. Komiti ya pa doko lanu ikadzakumana, insha Allah, wina aimirire atchuleko miyala imene mukudziwa kuti kampango amaswerapo.