Walvis Bay: mzinda wopanda mvula umene umatidyetsa nsomba

Amai ambiri a mu Garden akagula nsomba zouma ndi cisanu za horse mackerel pamsika sadziwa kuti zambiri mwa izo zayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000. Zimacokera ku Walvis Bay, doko lalikulu la dziko la Namibia, kumene cipululu ca Namib cimathera m'nyanja yamcere ya Atlantic.

Kumeneko mvula ya caka conse siifika ngakhale mamilimita 20. M'mawa kumagwa nkhungu yokha, ndipo madzi akumwa amawapopa pansi pa mcenga wa mtsinje wa Kuiseb. Cimanga sicimera. Koma madzi ozizira a m'nyanja, ochedwa Benguela, amabereketsa nsomba zoculuka, ndipo dzuwa ndi mphepo zimaumitsa mcere wambiri m'maiwe.

Mzungu woyamba kufikako anali Mpwitikizi Bartolomeu Dias, pa 8 December 1487. Popeza linali tsiku la Maria Wosacimwa, malowo anawapatsa dzina la Amai Maria. Dzina la lero litanthauza gombe la anamgumi, amene azungu anali kuwasaka kumeneko.

Angelezi analanda dokoli mu 1878, ndipo pambuyo pake linakhala m'manja mwa South Africa. Pa nthawi ya tsankho anchito akuda anawaika m'komboni ya Kuisebmond, ndipo mu December 1971 anchito a kontrakiti ananyanyala nchito. Namibia italandira ufulu mu 1990, South Africa inakakamirabe dokoli mpaka pa 1 March 1994.

Nanga ife a Zambia citikhudza nciani? Dziko lathu lilibe doko. Akulu akumbukira mmene zinthu zinabvutira malire a Rhodesia atatsekedwa mu 1973. Khomo limodzi silikwanira. Ndiye cifukwa cake ulalo wa pa Zambezi pakati pa Sesheke ndi Katima Mulilo, umene a Levy Mwanawasa ndi a Sam Nujoma anatsegula mu 2004, uli wofunika. Malole amatsika ndi mkuwa wa ku Copperbelt, nakwera ndi nsomba, makina ndi magalimoto ogwirapo kale nchito. Mu 2019 dokoli analikuza pomanga malo atsopano a makontena.

Koma abale, pali funso lotilasa mtima. Mulungu anatipatsa Kafue, Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika, ndi mvula ya miyezi isanu. Bwanji tidikira ndiwo kucokera kwa anthu okhala pamcenga? Iwo anasamala cocepa cimene ali naco: boma lao limaika malire a nsomba zogwidwa pa caka. Ife timapha ndi tiana tomwe, ena ndi maneti a udzudzu, ngakhale m'miyezi yoletsedwa ya December mpaka February.

Kwacha ikagwa, mtengo wa nsomba za kunja umakwera, ndipo mbale ya mwana wa mu Garden ndiyo imacepa. Tisamale mitsinje yathu, tilimbikitse maiwe oweteramo nsomba. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.